Njira zakale za m'mapiri a Mchinji

Munthu wochokera ku Lilongwe pa msewu wa M12 amayenda nthawi yaitali m'dziko lathyathyathya. Amadutsa Namitete, Waliranji, Kamwendo, maso akungoona minda ya mtedza, soya ndi chimanga, zigafa za fodya, ndi madambo amene madzi ake amayenda mosafulumira. Akamayandikira pa boma, makilomita pafupifupi 110 kuchokera ku likulu, ndi pomwe mapiri amatulukira: mzere wautali wolowera kumpoto, wotsatana ndi malire a Zambia. M'mwezi wa Juni m'mawa amafunda nkhungu. Mu Seputembala, mitengo ya mombo ikamaphukira, amafiira ndi masamba anthete mvula isanagwe n'dontho lomwe.

Masiku ano Loweruka m'mawa mumakumana ndi magulu a achinyamata akukwera mapiriwa. Ena ndi ogwira ntchito pa boma, ena achokera ku Lilongwe, atavala nsapato zothamangira, botolo la madzi kumanja, foni ili tcheru kujambula. Zimandisangalatsa kwambiri. Kwa zaka zambiri anthu ankati mapiri oyenera kukwera ndi Mulanje, Zomba, Dedza ndi Nkhoma basi, athuwa n'kumangowadutsa popita ku Chipata. Koma ndikawamva akufunsana kuti kodi njira imene akuyendamoyo anakonza ndani, ndimalakalaka nditawakhazika pansi pa msuku kuti ndiwafotokozere. Palibe anailambula ndi khasu kuti anthu azidzapitidwako mphepo. Inapondedwa ndi mapazi a anthu amene anali ndi chowathamangitsa kumbuyo kapena chowaitana kutsidya, ndipo ambiri a iwo ankayenda usiku.

Tiyambe ndi madzi, poti ndiwo analamula zambiri kuno. Boma la Mchinji lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe nsonga zazitali za mapiriwa zimapitirira mamita 1,700. Si mapiri oopsa ayi. Munthu wa mphamvu zake amakwera m'mawa n'kutsika dzuwa lisanapendeke. Koma pamsana pake ndi pomwe mvula imagawikana. Yogwa chakum'mawa imatsikira mu Bua ndi mu Rusa, Rusayo n'kukathira mu Bua, ulendo wodutsa m'nkhalango ya Nkhotakota mpaka kunyanja, kumene mpasa zimakwera mtsinje womwewu kudzaswana. Yogwa chakumadzulo imalowa m'mitsinje ya ku Chipata monga Lutembwe, n'kukafika mu Luangwa, kenako mu Zambezi. Madzi amene asiyana pamwala umodzi pamwamba pa phiri amakakumananso kutali ku Mozambique, pomwe Shire amathira mu Zambezi. Azungu pogawana dziko mu 1891 anatsata msana umenewu: kum'mawa kukhale kwa boma la Britain, kumadzulo kwa kampani ya Cecil Rhodes ya British South Africa Company. Papepala zinali zophweka. Pansi pano mzerewo unadutsa pakati pa minda, manda ndi maukwati a anthu amodzi.

Njira zakale kuposa zonse ndi zothawira nkhondo. Dziko lino linali la Achewa, ndipo mfumu yomveka m'chigawo chino inali Mkanda. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835, n'kupita kumpoto mpaka ku Tanzania ya lero. Zwangendaba atamwalira anagawikana, ndipo mwana wake Mpezeni anadzakhazikika ndi anthu ake chakuno m'zaka za m'ma 1860 mpaka 1870. Achewa ena anagonja n'kulowa pansi pa Angoni, ena anamanga malinga, ena anathawira kumapiri. Agogo anga aakazi, amene anamva nkhanizi kwa agogo awo, ankati anthu ankatsika m'bandakucha kukalima m'munsi, wina atakhala pamwala kuyang'ana ngati zishango zikuoneka m'dambo. Usiku moto sunkayatsidwa poyera. Mwana akayamba kulira, mayi ake ankamutseka pakamwa ndi bere.

Mukayenda m'njira zimenezi mumazizindikira. Siziwongoka. Zimapewa pamsana poonekera, zimatsata makwawa, zimazungulira kuseri kwa matanthwe, ndipo zimafika pakasupe mochokera kumtunda. Mnyamata wofuna kufika pansonga msanga amaona ngati amene anayambitsa njirayo sankadziwa kuyenda, pomwe mwini wakeyo ankafuna kufika osaonedwa. M'mapanga ena tili ana tinkatolamo mapale a miphika, agogo n'kutikalipira: "Bwezerani pomwe mwatolapo, ana inu. Eni ake sanapite kutali."

Sindinena izi kuti ndidzutse chidani chakale. Ine ndemwe magazi anga ndi a mbali zonse ziwiri: agogo aakaziwo anali Mchewa wa kudambwe, agogo aamuna Mngoni wovina ingoma. Lero mafumu a Chingoni monga Zulu ndi Mlonyeni amakhala pabwalo limodzi ndi mafumu a Chichewa monga Mkanda, Dambe, Mavwere ndi Mduwa, ndipo m'midzi yambiri simungathe kulekanitsa kuti uyu ndi wa othawa, uyu wa othamangitsa.

Ndipotu othamangitsawo nawonso inawakwanira nthawi yothawa. M'zaka za m'ma 1890 kunamveka mphekesera yoti m'dziko la Mpezeni muli golide. Mjeremani wina, Carl Wiese, anali atatenga chilolezo kwa mfumuyo, ndipo chilolezocho chinagwera m'manja mwa kampani ya North Charterland. Golide wochuluka sanapezeke, koma nkhondo inapezeka. Mu Januwale 1898 asilikali ochokera ku Nyasaland, ali ndi mfuti zachiwaya ndi mizinga, anathira nkhondo Angoni. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera ankhondo, anagwidwa n'kuwomberedwa mu Febuluwale chaka chomwecho. Ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Mpezeni, ali nkhalamba, anasungidwa kwa kanthawi ku linga la azungu la mbali ino, n'kudzamwalira mu 1900 atabwerera kwawo. Linga limenelo ndilo Fort Manning, dzina la msilikali William Manning, amene pambuyo pake anadzakhala bwanamkubwa wa Nyasaland kuyambira 1911 mpaka 1913. Kutsidya kunamangidwa Fort Jameson, Chipata wa lero. Dzina la Fort Manning linakhalapo mpaka dziko litalandira ufulu, koma akuluakulu ena mpaka imfa yawo ankangoti "ndikupita ku Folomani", ndipo tinkawamva.

Ndi boma la atsamunda kunabwera msonkho, ndipo msonkho unatsegula njira zake. Mesenjala akaoneka m'mudzi, amuna opanda chiphaso cha msonkho ankakwera phiri n'kukagona kwa alongo awo kutsidya mpaka mphepo itadutsa. A kutsidyako nawo ankachita chimodzimodzi ikafika nthawi yawo. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 anthu ankagwidwa kukhala amtengatenga, kusenza katundu wa asilikali, ndipo ambiri sanabwerere. Amene anamva msanga anabisala m'mapanga omwe aja munkabisala makolo awo. Kenako kunadza ulendo wa ku Halale. Magalimoto a Ulere onyamula ofuna ntchito asanayambe, amuna ankanyamuka wapansi m'magulu, ufa ndi kampoto pamutu, nkhwangwa paphewa, kudzera ku Fort Jameson kulowera ku Zambezi, ulendo wa masabata, kukafuna ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya Southern Rhodesia. Ena anabwera ndi njinga, masutikesi ndi makina osokera. Ena anasanduka matchona, ndipo zidzukulu zawo zili ku Harare ndi Bulawayo, zikudziwa dzina la mudzi koma njira yake osaidziwa. Pali malo ena pampata pomwe agogo ankaima nthawi zonse n'kunena kuti, "Apa ndi pomwe tinabwerera powaperekeza atsibweni ako." Atsibweniwo sindinawaonepo.

Amishoni nawo anakonda m'tsinde mwa mapiriwa, chifukwa cha madzi ndi mphepo yabwino. A Dutch Reformed anali atafika kale ku Magwero, kutsidya kwa malire, mu 1899, ndipo mu 1914 anatsegula mishoni ya Mchinji mbali ino. Ansembe a White Fathers anafika ku Kachebere mu 1903, pansi pa phiri limene lili pamalire penipeni. Mu 1939 pamalopo panatsegulidwa seminale yaikulu imene inaphunzitsa ansembe a Nyasaland ndi Northern Rhodesia pamodzi. Amene sanafikeko ku Kachebere apiteko. Nyumba zake zanjerwa zofiira, phiri lamiyala kumbuyo kwake, ndi chigwa chimene mumachiona mukakwera pamwamba, mbali ina Malawi, mbali ina Zambia, osatha kuloza pomwe lina lathera, n'zokwanira kulipira ulendo wonse. Aphunzitsi a m'midzi ndi akatekisiti ankayenda m'njira zomwezi kukayendera masukulu ndi malimana, pomwe bwana DC ankadutsamo atanyamulidwa pa machila.

Nkhani imene inkatisowetsa tulo tili ana ndi ya mkango. Cha m'ma 1930, mkango wina unapha anthu oposa 30 m'boma la Fort Manning m'miyezi isanu yokha. Agogo anali kamtsikana nthawi imeneyo. Ankati minda inagonera osapalira, kumadzi ankapita gulu amuna atanyamula mikondo, ndipo dzuwa likangopendeka zitseko zinkatsekedwa ndi mipiringidzo. M'mudzi anthu sankavomereza kuti ndi chilombo wamba. Ankati ndi mkango wotumidwa, ndipo ankautchula monong'ona. Tikamadutsa m'tsekera wamtali, agogo ankayamba kulankhula mokweza kapena kutsokomola, ngakhale mikango inali itatha kalekale. Thupi lawo linali lisanaiwale.

Mu 1924 boma linalengeza kuti mapiriwa ndi nkhalango yotetezedwa, mahekitala pafupifupi 20,000, makamaka pofuna kusunga magwero a mitsinje. Anthu a m'mphepete sanafunsidwe, ndipo kwa nthawi yaitali mlonda wa nkhalango ankaopedwa ngati wapolisi. Komabe ndinene chilungamo: chikhala kuti sanatero, mwina ine sindikanaipeza nkhalango imene ndinakuliramo.

Nkhalango imeneyo ndinaiphunzira kumbuyo kwa agogo, ine nditasenza kadengu. Chaka chinkayenda ndi zimene phiri likupereka. Kukatentha, mu Okutobala mpaka Disembala, kunali masuku. Tinkanyamuka kusanache kuti tiwapeze anyani asanatitsogolere, ndipo agogo ankadziwa mtengo uliwonse: uwu ndi wotsekemera, uwo ngwa njere zokhazokha, ujawo musavutike nawo. Osapsa tinkawavundika m'dzenje n'kufotsera ndi masamba. Kunalinso maye, nthudza, mateme ndi matowo, chilichonse nyengo yake. Mvula ikagwa kawiri katatu kunkatuluka bowa. Utale, wotambalala moti umodzi unkadzaza mbale, unkamera pafupi ndi zulu. Manyame ofiirira ankamera pansi pa mitengo ya mombo ndi misuku. Bowa wambiri wa m'nkhalango yachilengedwe samera m'munda wa bulugama, chifukwa moyo wake umadalira mizu ya mitengo yomweyo, ndipo mitengoyo ikadulidwa amapita nayo limodzi. Agogo sanawerenge zimenezi m'buku, koma ankadziwa. Pozula ankati, "Usafukule dothi lonse, mdzukulu wanga. Chaka chamawa udzadya chiyani?" Bowa amene sankamudziwa sankamukhudza, ngakhale aoneke wokongola chotani.

Amuna anali ndi njira zawo. Opachika ming'oma ya njuchi ankalowa mkati kwambiri, kutsata kambalame kolondolera uchi, ndipo akafula ankakasiyirako chisa pamwala. Osema mipini ndi mitondo ankadziwa pomwe pali muwanga ndi mlombwa. Asing'anga ankakumba mizu mbali ya kum'mawa kwa mtengo n'kukwiriranso. M'chilimwe, tchire likapsa, anyamata tinkatsata mbewa palupsa, agalu akuthamangitsa akalulu ndi agwape, mbira zikutiyang'ana pamatanthwe. Ndipo kunali malo amene aliyense ankadziwa kuti sapitako: misitu ya manda, ndi kudambwe kumene gule amachokera. Mwana wosavinidwa akasochera n'kuyandikira, mlandu wake unkathera kwa amfumu ndi nkhuku kapena mbuzi. Kunena zoona, misitu ya mandayi ndiyo yasungika bwino kuposa malo ambiri amene lamulo la boma linkateteza.

Mtsinje wa Bua umene anthu amauwoloka pamilatho ikuluikulu kumunsi, kumtunda kuno ndi kamadzi kotuluka pansi pa mitengo ya katope ndi mikuyu, koti mwana amalumpha. Madzi ake ankazizira mpaka kuwawitsa mano ngakhale mu Okutobala. Tinkamwa ndi tsamba lopinda.

Pali njira zina zimene akuluakulu sankakonda kuzikamba masana. Mu 1972 a Mboni za Yehova anazunzidwa koopsa chifukwa chokana kugula makadi a chipani. Nyumba zawo zinatenthedwa, ambiri anamenyedwa, ndipo zikwizikwi anathawira ku Zambia, ku msasa wa Sinda Misale pafupi ndi malire. Sakanadutsa pachipata. Ndimakumbukira anthu akudutsa kuseri kwa mudzi usiku, ana kumsana, mitolo pamutu, ndipo mayi anga akuika mbatata yophika pachitsa m'mbali mwa njira osanena kanthu kwa aliyense. Kufunsa kunali koopsa, kuthandiza poyera kunali koopsa koposa. Patapita zaka, pa 24 Disembala 1981, wandale wotsutsa boma Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera anagwidwa m'dera lomweli la malire. Boma linkati awagwira mbali ya Malawi, iwo ankati anachita kubedwa ku Zambia. Orton anamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992. Achinyamata okwera mapiri lero, amene amaima pamwamba n'kujambula mbali zonse ziwiri mosaopa munthu, ayenera kudziwa kuti panali nthawi imene kungopezeka pamalo amenewo kunkafuna kufotokoza bwino.

Njira zikuluzikulu zinabwera mochedwa. Njanji yochokera ku Lilongwe inafika ku Mchinji mu 1980, koma kachigawo kotsala kokafika ku Chipata kanadikira mpaka 2010. Mu Disembala 2022 atsogoleri Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema anatsegula chipata chatsopano cha Mchinji ndi Mwami, makilomita 12 kuchokera pa boma, pomwe mapepala a mayiko onse awiri amathera malo amodzi. Mathiraki apindula. Koma mayi amene mchemwali wake wamwalira m'mudzi wa kutsidya, woti utsi wake amauona ali pakhomo pake, sangazungulire kuchipata. Amamanga ufa ndi nkhuni, n'kudzera njira ya makolo. Kumapeto kwa Febuluwale Angoni a kuno amapita ku Mtenguleni ku Nc'wala kwa Mpezeni. Kumapeto kwa Ogasiti Achewa amapita ku Mkaika, ku Katete, ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. M'njira zomwezo mumadutsanso njinga za kabaza ndi njinga zamoto zitasenza feteleza, shuga, chimanga kapena soya, kulowera kumene mtengo wakwera chaka chimenecho. Boma limazitcha njira zosavomerezeka. Pa katundu wozembetsa lili ndi mfundo, koma njirazo zinalipo malire asanalembedwe.

Chimene chimandipweteka ndi njira zatsopano, za makala. Zimenezi n'zosavuta kuzizindikira: n'zotakata, zowongoka, zokumbika ndi matayala a njinga, ndipo zimathera pa zitsa ndi pa dothi lakuda pomwe panali uvuni. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 600,000 m'boma la Mchinji, pomwe malo ambiri abwino ali m'manja mwa maesiteti a fodya amene anatsegulidwa nthawi ya Kamuzu. Fodya amafuna mitengo ya zigafa, njerwa zimafuna nkhuni, tauni imafuna makala. Mnyamata wotentha makala sindimuona ngati chigawenga. Nthawi zambiri ndi mdzukulu wa mnzanga, alibe munda wokwanira, ndipo thumba limene wavutika nalo masiku angapo amene amapindula nalo kwambiri ndi wogulitsa m'tauni. Koma misuku imene agogo ankaitchula umodziumodzi yambiri inapita, minda yakwera m'malo otsetsereka amene kale khasu silinkafikako, ndipo timitsinje tina timene tinkasamba chaka chonse timaphwa mwezi wa Ogasiti usanathe. Mvula ikagwa, madzi amatsika ofiira, mothamanga, n'kukadzaza mchenga m'madimba a kudambo momwe anthu amalima anyezi, kachewere ndi tomato.

Pamodzi ndi mitengo akupita ndi maina. Mpata uliwonse, thanthwe lililonse, kasupe aliyense anali ndi dzina lake ndi nkhani yake, ndipo amene amazidziwa atsala owerengeka m'midzi ya m'tsinde. N'chifukwa chake magulu a achinyamata aja ndimawapempha kuti asamangoimika galimoto n'kuyamba kukwera. Ayambe aonekera ku ofesi ya zankhalango pa boma, popeza ndi nkhalango yotetezedwa. Akafika m'mudzi alonjere amfumu, apemphe munthu wachikulire woti awatsogolere, ndipo amulipire bwino, kuti m'mudzimo aone kuti mtengo woimirira nawonso umabweretsa ndalama. Nthawi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, kukuzizira, udzu utayamba kugwa, moto wolusa usanayambe; wofuna masuku apirire kutentha kwa Novembala. Pamsana pa phiri asamale, chifukwa n'kosavuta kutsikira m'dziko la eni osadziwa. Ndipo wowatsogolerayo akaima penapake n'kuyamba kufotokoza amene anabisala pamenepo, kapena amene anatsanzikana pamenepo, atsegule foni ija ajambule mawu ake, afunse dzina la malowo, alilembe.